Miyala Imene Esinta Adakana Kutenthetsa

Nkhani iyi amaikamba ophwanya miyala a paphiri la Kamwankhuku, akasonkha moto pathanthwe n'kumadikira kuti mwala ulire. Pajatu mwala waukulu suphwanyika ndi hamala yokha. Umayamba wauunjikira nkhuni ndi matayala akutha, n'kuyatsa, n'kukhala pansi. Ukapsa umauthira madzi, ndipo umang'ambika wokha ngati dzungu. Kudikirako n'kwakutali, ndiye pakamwa sipangakhale chete. Koma nkhani ikafika pa Esinta ndi mwamuna wake Gelevazio, ngakhale aja okonda phwete amayang'ana pansi. Senderani kuno kumoto, muimve mmene ine ndidaimvera.

Gelevazio adaphwanya miyala paphiripo zaka makumi awiri ndi zisanu. Anali munthu wochepa thupi, wosalankhulalankhula, koma wa liuma loopsa. Esinta naye pa liuma sanali wochita kubwereka. Anthu ankati Mulungu adawakumanitsa dala awiriwa kuti mabanja ena awiri apulumuke. Komabe ankakondana m'njira yawoyawo, ndipo chikondi chawo chinkaoneka dzuwa likamalowa.

Fumbi la mwala silili ngati la mumsewu lija umangolimina n'kutha. Limalowa n'kukhazikika, ndipo amuna a paphiripo akamakula onse amayamba kutsokomola. Tsono kumeneko kuli mwambo wake. Mwamuna akaweruka, mkazi amaika miyala itatu pamoto mpaka ipse, n'kuiika m'beseni lakutha pamodzi ndi masamba a bulugamu. Mwamuna amagwada n'kufunda bulangete mutu ndi beseni lomwe, ndipo mkazi amakhala kunja ndi chikho, kumathira madzi pang'onopang'ono kuti nthunzi ikwere. Munthu sadzithirira yekha. M'kati muja ukhoza kukomoka, choncho wothira amayenera kukhala amene amadziwa kapumidwe kako, mkazi wako kapena mlongo wako. Esinta adathirira Gelevazio kuyambira chaka chimene adakwatirana. Adathiriranso mlongo wake Layitoni, amene sadakwatire, mpaka chifuwa chomwecho chidamutenga zaka zitatu m'mbuyomo.

Chaka cha nkhani yathuyi, mphepo ya mu Juni itayamba, Gelevazio adafika poima kawiri panjira yochoka kuchimbudzi. Esinta adamukoka ngati mbuzi kupita naye kuchipatala. Adamujambula pachifuwa, ndipo dokotala wake, mayi wachitsikana wa magalasi, adawaonetsa chithunzicho pawindo. M'mapapo monse munali timizere toyera. Adawafotokozera kuti chilonda cha pakhungu chikapola chimasiya chipsera cholimba, ndipo m'mapapo zimateronso, kungoti chipsera sichipuma. Zipsera zimene zidalipo sizikadachoka. Chotheka chinali kusawonjezerapo zina, ndiye ntchito ya kuphiri ithe basi.

Esinta adafunsa za miyala yake, ali ndi manyazi, poganiza kuti asekedwa. Dokotala sadaseke. Adati nthunzi sichotsa fumbi, zimenezo aiwale. Koma adawonjeza kuti akatswiri adapeza kuti thupi likamva kutentha limapanga timapuloteni tina timene timateteza tizigawo take ting'onoting'ono kuti tisawonongeke, ngati anthu ogwirira denga mphepo ikamawomba. Pa mbewa zoyesera mankhwala, adatero, timapuloteni timeneti tidachepetsa zipsera za m'mapapo. Pa anthu nkhani yake inali isadadziwike bwino.

"Sindinganene kuti miyala yanu ikuchita zimenezo, mayi," adatero. "Musawawotche, musawapatse utsi. Koma ngati akumvako bwino, musawasiye azizidwe."

Mawu amenewa Esinta adawamva bwinobwino, ndi makutu onse awiri. Ndikunena izi kuti pasadzapezeke wina womuikira kumbuyo kuti sankadziwa, pakuti iye mwini sadadziikirepo kumbuyo.

Gelevazio adakhala pakhomo masabata asanu. Adakonza khola, adasema mipini yoposa makasu amene anali nawo, kenaka adayamba kukangana ndi nkhuku. Tsiku lina adati akukaona mnzake wodwala, ndipo adabwerako madzulo atasamba kale kumtsinje. Koma munthu sadziona kuseri kwa khutu. Esinta akumufunditsa bulangete adaona fumbi loyera litakhala m'menemo, ndipo adaika chikho pansi.

Adakangana mpaka agalu a anthu adayamba kuuwa. Gelevazio adati kuphiri kuli thanthwe limene adaliyamba ndi mlamu wake Layitoni, ndipo sangafe atalisiya theka. Adatinso mwamuna sangakhale pakhonde kumadikira imfa ngati akudikira basi. Esinta adati iye sangamatenthetse miyala madzulo kuti m'mawa munthu akameze fumbi lina. Mantha ndiwo ankalankhula, koma adatulukira pakamwa ngati ukali. Adaloza chala kumanda.

"Pali achimwene anga a Layitoni ali gone uko! Mukapondanso kuphiri, ine sindidzakutenthetseraninso mwala. Akuthirireni omwewo!"

Gelevazio adamuyang'ana nthawi yaitali. Adavula bulangete, adalipinda bwinobwino, ndipo m'mawa mwake adanyamula hamala yake poyera, osabisanso.

Kulumbira pa malemu si nkhani yamasewera kwathu kuno. Ukatchula wakufa wamuika kukhala mboni, ndipo ukaphwanya lumbirolo amati chimakugwera. Esinta ankadziwa zimenezi, koma ankaganiza kuti masiku awiri okwana, mwamuna akamva chifuwa chikumufinya, adzagonja yekha. Adaiwala kuti adakwatiwa ndi ndani. Sabata idatha. Madzulo aliwonse Gelevazio ankakhala pakhonde kumatsokomola mpaka misozi, Esinta ali m'khitchini kumagwedeza mbale mwaphokoso kuti asamve. Miyala itatu ija inali kuseri kwa chitseko, ndipo palibe amene ankaiyang'ana.

Sabata yachiwiri miyala idasowa. Esinta adasesa khitchini yonse, adafunsa ana a oyandikana nawo, osaipeza. Adati mwina mwamuna waitaya chifukwa cha mkwiyo, ndipo sadafunse, poopa kuoneka ngati wafewa.

Kenaka padayamba kumveka kaphokoso. Masana dzuwa lili paliwombo, akusenda mbatata, adamva kuseri kwa nkhokwe kuti tsiii, monga amachitira madzi akagwera pamwala wamoto. Adapita kukaona. Padalibe munthu, padalibe moto, udzu wokha utagona ngati wina adagwadapo. Nkhuku zimene zinkakonda kufukula pamenepo zidasamukira kutsogolo kwa nyumba ndipo sizidabwererenso.

Bulangete nalo lidayamba zake. M'mawa poyalula ankalipeza lonyowa, likununkhira bulugamu, koma pansi pa fungolo panali lina, la dothi lofukulidwa kumene. Ankaliyanika tsiku lonse, mawa lake n'kulipeza chimodzimodzi.

Tsiku lina akuchokera kuchigayo, nkhungu itatsika kuphiri dzuwa lisadalowe, adakumana ndi munthu pakanjira ka m'dambo. Munthuyo adapatukira mu udzu kutali ndithu n'kumufulatira, monga amachitira mkamwini kwa apongozi. Anali atavala chipewa chakutha, m'khwapa atapanira masamba. Mapazi ake anali mbuu ndi fumbi, chonsecho njira yonse inali matope. Esinta adamulonjera, iye adangoweramitsa mutu. Atapitirira mapazi angapo adamva kumbuyo kutsokomola, kawiri kafupikafupi, kachitatu kotalika kothera m'kaluzu. Miyezi isanu ndi umodzi adamvera chifuwa chimenecho ali ndi chikho m'manja. Sadacheuke. Adadziuza kuti paphiripo otsokomola ndi ambiri, koma atafika kunyumba adapeza kuti lichero la mgaiwa waligwira mpaka zala kuchita dzanzi.

Chodabwitsa chinali choti Gelevazio adayamba kupeza bwino. Chifuwa chidachepa, kenaka chidatheratu. Ankakwera phiri osaima. Nachanza, mayi woyandikana nawo, adabwera kudzafunsa kuti mankhwala ake adawapeza kwa yani, kuti naye akatengere amuna ake. Esinta adangoseka ndi mano okha. Iye yekha ndiye ankadziwa kuti munthu ankagona naye mphasa imodzi anali wozizira ngati mtsuko. Chakudya ankangotomola. Kumoto sankafikako, ankakhala patali, akuti ukumuwawa m'maso. Ndipo nyumba imene kwa zaka zambiri inkamveka chifuwa idangoti zii, moti Esinta ankachita kuika dzanja pamphuno pa mwamuna wake kuti amve ngati mpweya ukutuluka.

Mtima wa munthu ndi wopusa. Pa zonsezi Esinta adasankha kuganiza za mkazi. Kuseri kwa phiri kunali amasiye angapo, ndipo adawawerenga onse m'mutu mwake, mmodzimmodzi, kufuna amene angalimbe mtima kuthirira mwamuna wa mwini. Nsanje inali yopepuka kusenza kusiyana ndi chinacho. Tsiku lina adalephera kupirira.

"Bambo a Sitela, akukuthirirani ndani?"

"Amene mudawaitana, Nangondo," adayankha mofatsa, akumutchula ndi mfunda wake, osamuyang'ana.

Mawa lake dzuwa litapendeka adamutsatira. Nkhungu inali itakuta phiri, anthu onse ataweruka, milu ya miyala yophwanya ili payokhayokha. Adadutsa pamene ena adawotcha dzulo lake, phulusa ndi mawaya a matayala zili mbwee, mpaka adafika pathanthwe lalikulu lija. Hamala ya Gelevazio inali itatsamira mwala. Kuseri kwake kunkamveka tsiii, kenaka chete, kenaka tsiii.

Adasuzumira. Bulangete lake lomwe lija linali pansi, litatumphuka monga limachitira munthu akagwada m'kati. Pambali pake padanyonyomala munthu wa chipewa chakutha, atamufulatira, chikho chili m'manja. Moto padalibe, utsi padalibe, ngakhale khala limodzi. Ndipo nthunzi sinkatuluka m'bulangetemo ayi. Nkhungu ya paphiri ndiyo inkakwawa pansi n'kumalowa m'kati. Chapatali pang'ono, pamene maso ankathera, panali ena atakhala pamzere, atafunda, mwakachetechete ngati anthu odikira pachipatala. Esinta sadawawerenge, ndipo sadafune kuwayang'anitsitsa.

Pamenepo wa chipewa uja adasiya kuthira. Sadatembenuke. Adangotambasulira dzanja kumbuyo, kumene kunali Esinta, chikho chili m'manja, n'kudikira.

Apa ndi pamene okamba nkhaniyi amasonkhezera moto, chifukwa palibe amene amafuna kupafulumira. Chikho chinali pafupi, mapazi anayi okha. Esinta ankachidziwa, chinali chake, chong'aluka kukamwa. Dzanja lidakhala chitambasulire nthawi yaitali, moleza mtima, monga momwe mwini wake ankachitira ali moyo. Koma Esinta adakumbukira kuti adalumbira, ndipo mboni ya lumbirolo ndi imene inali patsogolo pakeyo. Adaganiza kuti akumuyesa. Adabwerera chafutambuyo, kenaka adathamanga, minga ikumung'amba miyendo, mpaka kunyumba.

Gelevazio adafika kutangoyamba mdima, tsitsi lili chinyontho. Apa n'kuti Esinta liuma litamuthera. Kutacha adatuma uthenga kwa atsibweni ake, a Dzoole, amene ankakhala kutsidya kwa mapiri, kuti abwere msanga adzathire ufa pamanda a Layitoni ndi kupepesa, lumbiro limasuke. Umo ndi mmene zimayendera, mwini mbumba ndiye amamasula. A Dzoole adayankha kuti afika mkuja. Esinta adatola miyala ina itatu, adathyola bulugamu watsopano, adawaza nkhuni zouma n'kuziunjika m'khitchini. Zonse zinali tayale, kudikira munthu mmodzi.

Madzulo a tsiku lachiwiri Gelevazio sadapite kuphiri. Adakhala pakhonde, manja atawapana m'khwapa, akuyang'ana utsi wa m'khitchini. Esinta akudutsa ndi ndowa adamugwira nsonga ya chitenje. Pa zaka zonse za ukwati wawo munthu ameneyu anali asadapemphepo kanthu.

"Nangondo, kuzizira kwandilowa m'mafupa. Bwanji lero?"

Esinta adatula ndowa. Moto unali ukuyaka, miyala ili pomwepo, masamba ali pomwepo. Adagwada pambali pake n'kumugwira dzanja, ndipo kuzizira kwake kudamufika mpaka m'chigongono.

"Pirirani usiku umodzi wokha, bambo a Sitela. Atsibweni afika mawa. Akangomasula, ndikuthirirani mpaka mutope nazo."

"Chabwino," adatero. "Mawa."

Paja amati pakadafunda padajiwitsa galu. Esinta adamufunditsa mabulangete onse a m'nyumba ndi zitenje zake zomwe, koma kutacha Gelevazio sadadzuke. Adapita mwakachetechete, osatsokomola ngakhale kamodzi, atadzipinda ngati mwana, mawondo ali pachifuwa. A Dzoole adafika dzuwa litakwera, kathumba ka ufa kali m'manja, n'kupeza anthu akulira.

Adzukulu adalawirira kumanda tsiku lotsatira, kukuwaza kamvula ka mphepo. Atakumba kufika m'chiuno adagunda thanthwe. Adasuntha, adakumbanso, thanthwe. Kachitatu chimodzimodzi. Akuluakulu adati palibe kuchitira mwina, aliwotche, pakuti theka la adzukuluwo anali ophwanya miyala omwewo. Adatsitsiramo nkhuni ndi tayala. Koma moto udakana. Amuna amene adayatsa miyala moyo wawo wonse, mvula ndi mphepo, adatha mabokosi a machesi, adathira palafini, moto n'kumangoti lawi kamodzi n'kuzima. Dzuwa lidafika pamutu maliro asadatuluke m'nyumba, ndipo anthu adayamba kunong'onezana.

Manong'onong'owo adafika m'nyumba ya siwa, mmene Esinta adakhala pambali pa bokosi. Adamvetsera, kenaka adaimirira. Amayi ena adayesa kumugwira, poganiza kuti chisoni chamusokoneza mutu, koma adawakankha. Adalowa m'khitchini, adamanga mtolo wa nkhuni zouma zija, adapala makala paphale, adatenga ndowa ya madzi n'kupatsa Nachanza kuti amusenzere. Kwathu kuno mkazi saponda kumanda dzenje lisadathe, makamaka mwini maliro. Anthu adangotsegula njira.

A Dzoole adamutsekereza polowera kumanda. Adamukumbutsa kuti ufa sudathiridwe, lumbiro likadali chimangire, ndipo mwala umene akufuna kutenthetsawo ndi wa mwamuna yemwe uja.

"Atsibweni, ndipatseni njira," adatero Esinta. "Chondigwera chindigwere."

Adatsikira yekha m'dzenjemo. Adachotsa nkhuni zonyowa, adayala zake, adaika makala n'kuuzira kamodzi. Moto udagwira ngati unkangomudikira. Adatuluka n'kukhala pamulu wa dothi, osalira, kumangoponyamo chikuni moto ukafuna kutsika. Adzukulu adaima patali zipewa zili m'manja. Mwala utapsa, wina adatenga ndowa kuti akhuthulire madzi onse nthawi imodzi monga amachitira kuphiri, koma Esinta adamuletsa. Adathira yekha, ndi manja, pang'onopang'ono, akudikira nthunzi ikwere asadathirenso. Thanthwe lidalira katatu n'kung'ambika, ndipo adzukulu adalichotsa zidutswazidutswa mosavuta.

Pamene ankatsitsa bokosi dzuwa linali litapendeka, mphepo ikuluma makutu, anthu atafunda zitenje mpaka kumutu. Koma adzukulu awiri amene adalowa pansi kukalandira bokosi adatuluka thukuta lili kamukamu. Adati m'mandamo munali mofunda ngati m'khitchini.

Kuyambira tsiku limenelo kuseri kwa nkhokwe sikudamvekenso kanthu, ndipo wa chipewa uja palibe adakumana nayenso. Esinta adakhala kudikira chilango chake. Adadikira mwezi, adadikira chaka. Mutu ukamuwawa ankati chafika, mphezi ikang'anima ankati ndi yake. Ankachifuna ndithu chilangocho, pakuti chikadabwera chikadamuuza kuti mantha ake anali ndi chifukwa.

Sichidabwere. Esinta adakalamba mpaka kuona zidzukulutudzi, mano ali onse, osagonapo m'chipatala ngakhale tsiku limodzi. Ankadziwa kuti zipsera zija sizikadachoka, ndipo sankanama kuti miyala yake ikadamusunga mwamuna wake mpaka kalekale. Chimene chinkamudya chinali china. Akazi achitsikana a paphiripo akabwera kudzadandaula za amuna awo osamva, ankawamvetsera mpaka amalize, kenaka ankawauza kuti akangane nawo mmene angathere, koma madzulo miyala ikhale pamoto.

"Ine adandipempha kamodzi kokha," ankatero. "Moto unali ukuyaka. Ndikadathira tsiku limenelo, palibe chikadandichitikira."